Mwana wanga amangosewera ku mkombaphala: akuphunzira kanthu kapena ndimusamutse?

MayiWaAwiri
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhawa ndipo ndikupempha nzeru, makamaka kwa aphunzitsi amene muli muno. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 4, amapita ku mkombaphala. Ndikamufunsa kuti waphunzira chiyani lero, yankho ndi limodzimodzi: "tinasewera." Pena akuti amathira madzi m'mabotolo, pena amamanga nyumba ndi timatabwa. Koma mwana wa mnzanga, msinkhu womwewo, kusukulu kwake akulemba kale zilembo mpaka Z ndipo amabwera ndi homuweki. Nditafunsa aphunzitsi ake anangoti "kafukufuku akuti ana amaphunzira posewera." Kafukufuku wake ndi uti? Alipo muno amene anawerengapo? Ine mtima ukundiuza kuti ndimusamutse.

Tsinde77
Musamutseni mayi, musachedwe. Kusewera angasewere kunyumba ndi anzake. Kusukulu munthu amapitira pensulo ndi kope.

MphunzitsiWaTiana
A Tsinde77, tiyeni pang'onopang'ono. Mayi, ine ndimaphunzitsa ana a zaka 3 mpaka 5 ndipo funso lanuli makolo amandifunsa teremu iliyonse. Ndi funso la munthu amene amasamala za mwana wake.

Madzi a m'mabotolo aja musawaderere. Mwana akathira madzi kuchoka m'botolo lalifupi lonenepa kupita m'botolo lalitali lowonda, amakuuzani motsimikiza kuti madzi achuluka. Akabwezera, akuti achepa. Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland, anaona kalekale kuti ana ambiri osafika zaka 6 kapena 7 amaganiza choncho. Mukhoza kumuuza pakamwa kuti madzi ndi omwewo, iye n'kubwereza mawu anuwo kuti musangalale, koma mumtima asanavomere. Amafika povomera akamakula, uku manja ake akuthira ndi kubwezera kambirimbiri.

Za zilembo, ndalandirapo ana olemba A mpaka Z mokongola, koma ukawaloza chilembo chapakati n'kufunsa kuti chimalira bwanji, amangokuyang'ana. Anakopera maonekedwe basi. Sindikunena kuti mwana wa mnzanuyo ali choncho, ndikungoti kope lodzaza si umboni wokwanira.

A Wowerenga bwerani kuno, mayina a ofufuza mumasunga ndinu.

Wowerenga
Ndafika aphunzitsi. Mayi, ndiyambe ndi kafukufuku amene amandifika pamtima kwambiri. Anachita ndi Elizabeth Bonawitz, Laura Schulz wa ku yunivesite ya MIT ku America ndi anzawo, ndipo anatuluka mu 2011. Anapanga choseweretsa chachilendo cha mapaipi olumikizana, chokhala ndi zinthu zinayi zobisika. Paipi ina ukaikoka inkalira, ina inali ndi batani loyatsa nyale, pena ukadina pankamveka nyimbo, ndipo ina inali ndi kalirole mkati moti ukasuzumira umadziona nkhope.

Ana a zaka 4 ndi 5 anawagawa m'magulu. Gulu lina, munthu wamkulu ankati "ona, ndikuonetsa mmene choseweretsa changa chimagwirira ntchito," n'kukoka paipi yolira ija, basi. Gulu lina ankachita ngati naye wangochitola kumene, n'kukoka paipiyo ngati mwangozi, iye n'kudzidzimuka. Ena ankayamba kuwaonetsa koma n'kudukiza ngati wakumbukira kanthu. Ena sanawaonetse chilichonse. Kenako mwana aliyense ankamusiyira chinthucho kuti asewere mpaka atatopa nacho.

Ana amene "anaphunzitsidwa" aja anasewera nthawi yochepa, anakakamira paipi yolirayo, ndipo zobisika zinazo anapeza zochepa. Anzawo a m'magulu enawo anachigwedeza, kuchisuzumira, kudina paliponse, n'kupeza zambiri.

Chifukwa chake ndiye chofunika kuchimvetsa. Sikuti ana ophunzitsidwawo anali aulesi. Anamukhulupirira munthu wamkuluyo. Mumtima anati, uyu ndi mwini wake, pakadakhala china akadandionetsa. Umboni wake ndi gulu lodukizidwa lija: iwo anaona kuti mphunzitsi sanamalize, ndiye anapitiriza okha kufufuza. Choncho kusewera kwa mwana ndi kukhulupirira kwake anthu akuluakulu zimayendera limodzi. Zimene timanena zimamuuza poyambira komanso polekera.

Tsinde77
Ndiye mukutiuza kuti kuphunzitsa mwana n'kulakwa? Titseke masukulu onse?

Wowerenga
Ayi achimwene. Ofufuza omwewo ananena kuti kuphunzitsa kuli ndi mbali ziwiri. Mwana woonetsedwa uja anadziwa za paipi yolira nthawi yomweyo, osavutika. Ndipo pali zinthu zimene mwana sangazipeze posewera ngakhale mutamusiya chaka chathunthu: dzina la chilembo, kuti dziko ndi lozungulira, kuti m'manja muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Zimenezo amayenera kuuzidwa, iye n'kukhulupirira. Paul Harris wa ku yunivesite ya Harvard ku America watha zaka zambiri akufufuza zimenezi. Nkhani ndi yodziwa nthawi yolankhula, ndi mmene ungalankhulire kuti mwana asaganize kuti zonse zathera pomwepo.

Ndiwonjezereko pang'ono. Hyowon Gweon ndi anzake mu 2014 anapeza kuti ana a zaka 6 ndi 7 akazindikira kuti wowaphunzitsa anawaonetsa chinthu chimodzi pa zinayi, amamuchotsera mamaliki ngakhale kuti sananame. Ndipo munthu yemweyo akawaonetsa choseweretsa china, amachifufuza kwambiri okha, podziwa kuti uyu amasiya zina.

GogoWaAsanu
Ana anga, ine ndalera asanu ndipo pano ndikulera zidzukulu. Mwana wamng'ono amakhulupirira chilichonse chimene wamkulu wanena. Zoti amasankha womukhulupirira ndi zongolemba m'mabuku.

Kadzidzi_Wausiku
Agogo, pepani ndikutsutseniko pang'ono, ndikuphunzira za maganizo a ana kukoleji. Melissa Koenig ndi Paul Harris yemwe watchulidwayo anachita zoyesera mu 2004 ndi 2005. Ana a zaka 3 ndi 4 ankaonera anthu awiri akutchula mayina a zinthu zodziwika. Wina akaona mpira ankati mpira, mnzake ankati nsapato. Atatero kangapo, anabweretsa chinthu chimene mwana sanachionepo, ndipo anthu awiriwo anachitchula mayina osiyana ongopeka. Ana a zaka 4 ankatenga dzina la amene ankanena zoona uja. A zaka 3 zinkawavuta akakumana ndi wonena zolakwika, koma ankatha kupewa munthu amene ankangoti "sindikudziwa." Ndiye kuti mwana amasunga mbiri ya munthu.

Komabe agogo simunataye kwenikweni. Vikram Jaswal wa ku yunivesite ya Virginia mu 2010 anayesa ana a zaka 3 ndi masewera obisa sitika pansi pa kapu. Munthu wamkulu ankabisa pansi pa kapu ina, n'kumuuza mwana kuti ili pansi pa inayo. Mwana akaipeza imakhala yake, akaphonya yapita. Anabwereza maulendo 8, ndipo ana ambiri ankangotsatirabe mawu a munthu wowanamizayo mpaka kumapeto. Koma m'malo mwa mawu akaika kamuvi koloza kapu yolakwika, ana ankazindikira msanga n'kuyamba kusankha inayo. Mawu a munthu wamkulu ali ndi mphamvu imene chizindikiro chilibe.

GogoWaAsanu
Ndiye mwabwera komwe ndinali ine.

Kadzidzi_Wausiku
Pa zaka 3 inde agogo, makamaka wolankhula akakhala mmodzi yekha. Pa zaka 4 ndi 5 wayamba kale kuwerengera kuti uyu mawu ake amakhala oona, uyu ayi. Ine zimandimvetsa chisoni ndikaganiza za mwana wa zaka 3 uja, wataya masitika onse koma akumukhulupirirabe munthu.

BamboWaMapasa
Apa mwakhudza nkhani imene timakangana kunyumba kwathu. Mayi a ana akamapita kuntchito, wolera ana amawauza mapasa athu kuti "amayi akubwera pompano, angopita panja." Amatonthola inde, koma amakhala pakhomo kudikira mpaka kutopa. Ine ndimati awauze zoona, kuti amayi abwera madzulo. Iye akuti alira tsiku lonse. Zolondola ndi ziti?

GogoWaAsanu
Bambo, wolera anayo sakulakwa. Mwana amaiwala. Kulira kwa mwana kumapweteka mtima, munthu umangofuna atonthole.

Wowerenga
Agogo, kufuna kuti atonthole ndikukumvetsa, palibe amene amasangalala mwana akamalira. Koma zoti amaiwala ndiye ndikukana. Imvani izi.

Ambiri munamvapo za mayeso a switi a Walter Mischel ku yunivesite ya Stanford ku America, amene anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mwana amamuikira switi imodzi n'kumuuza kuti akadikira osadya alandira ziwiri. Kwa zaka zambiri anthu ankati mwana wosadikira ndi wosadziletsa. Kenako Celeste Kidd ndi anzake ku yunivesite ya Rochester anasintha pang'ono, zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Ana 28 a zaka 3 mpaka 5 anayamba awapatsa makrayoni akale otha, n'kuwauza kuti akadikira awabweretsera zojambulira zatsopano. Theka la anawo munthu uja anabweradi nazo. Theka linalo anabwera chimanjamanja, n'kupepesa kuti kulibe. Anabwerezanso ndi masitika, chimodzimodzi. Kenako ndi pamene anaika switi ija.

Ana amene anasungiridwa malonjezo anadikira pafupifupi mphindi 12. Amene anakhumudwitsidwa anadikira pafupifupi mphindi 3. Pa ana 14 a gulu loyamba, 9 anapirira mphindi zonse 15, koma pa 14 enawo anapirira mmodzi yekha. Malonjezo awiri okha osasungidwa, ochokera kwa munthu wachilendo, anali okwanira kuti mwana aganize kuti kudikira kulibe phindu. Nanga akamachita zimenezo ndi munthu amene amakhala naye tsiku ndi tsiku?

A BamboWaMapasa, ine ndili mbali yanu. Alira masiku oyamba, koma "madzulo" akamafikadi ndipo amayi n'kumabweradi, mawuwo ayamba kukhala ndi tanthauzo.

NamwinoWaAna
Ndilowepo ndi za kuntchito kwanga. Kholo limabwera ndi mwana kudzabayitsa, n'kumamuuza kuti "sapweteka ngakhale pang'ono." Ine n'kubaya, mwana n'kumva kupweteka. Nkhope imene amatembenukira nayo kwa mayi ake imandisowetsa mtendere. Ulendo wotsatira amayamba kukuwa ali pageti. Ena amaopseza mwana kunyumba kuti ukapanda kumvera ndikakubayitsa jakisoni, ndiye tsiku lodwaladi amaona ngati wabwera kudzalangidwa. Makolo, ingomuuzani kuti ipweteka pang'ono ngati kutsinidwa, itha msanga, ndipo ine ndikugwira dzanja. Ana ouzidwa choncho amalirabe, koma sachedwa kutonthola, ndipo amalola kunyamulidwa ndi amene wawabweretsa.

BamboWaMapasa
Zikomo anamwino. Ndikawawerengera mayi a ana ndi wolera ana madzulo ano.

Wokayika_J
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndiyankhulepo. A Wowerenga, ana 28 ndi ochepa kwambiri. Ndipo nkhani ya switiyo inafooka kale. Tyler Watts ndi anzake mu 2018 anaunika ana oposa 900, ndipo ataganizira za maphunziro a makolo ndi mmene pakhomo palili, kugwirizana kwa kudikira switi ndi kukhoza bwino m'kalasi mtsogolo kunachepa kwambiri.

Chachiwiri, aphunzitsi amene amangoti "kafukufuku akuti kusewera" amakokomeza. Angeline Lillard ndi anzake mu 2013 anasanthula zofufuza za zaka zambiri zokhudza masewera ongoyerekeza, monga masanje, ndipo anapeza kuti umboni woti masewerawo ndi amene amachititsa mwana kukhala wanzeru kapena waluso ndi wofooka. Zofufuza zambiri zinali ndi ana ochepa, ndipo m'zina woyesa ana ankadziwiratu gulu limene akufuna kuti lipambane. Zikhoza kutheka kuti mwana wochenjera kale ndi amene amasewera mwaluso, osati kuti kusewerako ndi kumene kwamuchenjeretsa.

Chachitatu, ana ambiri oyesedwa ndi a ku America ndi ku Ulaya, a makolo ophunzira okhala pafupi ndi mayunivesite. Tingatenge bwanji zimenezo kukhala lamulo la mwana aliyense?

Tsinde77
Eya! Zikomo a Wokayika, mwalankhula zimene ndimafuna kunena.

Wokayika_J
Musandikokere mbali yanu a Tsinde. Umboni woti mwana wa zaka 4 azikhala pa desiki tsiku lonse akukopera zilembo ndiye simunatipatse ngakhale umodzi.

Wowerenga
A Wokayika, mfundo zanu zitatuzo ndi zoona ndipo n'zofunika kuti gulu lizimve. Ndingosiyanitsa kuti Watts ankatsutsa zoti switi imalosera tsogolo la mwana, pamene Kidd ankafunsa chifukwa chimene mwana amadikirira. Awiriwa amathandizana: onse akuloza ku malo amene mwana akukulira, osati ku mtima wake wokha.

Za mayiko ena zilipo, ngakhale n'zochepa. Bettina Lamm ndi anzake anayesa ana a zaka 4 a alimi a mtundu wa Nso ku Cameroon pamodzi ndi ana a ku Germany, lipoti linatuluka mu 2017. Pafupifupi 70 pa 100 alionse a ku Cameroon anadikira mphindi zonse 10, pamene a ku Germany sanafike 30 pa 100. Kaleredwe kamasintha zinthu, ndipo sikuti zabwino zonse zili kumene kuli mayunivesite.

Pa za kusewera, amene ali ndi umboni wooneka ndi masewera otsogoleredwa, pamene mwana ndi amene akugwira ndi kusankha, koma wamkulu wakonza malo ndi cholinga ndipo akuponya mafunso. Gulu la ku yunivesite ya Cambridge ku England mu 2022 linasonkhanitsa zofufuza 39 za ana osapitirira zaka 8, ndipo linapeza kuti njira imeneyi inaposa kuphunzitsa kwa pabolodi pa masamu oyambirira, kudziwa maonekedwe a zinthu monga zamakona atatu, ndi kutha kusintha kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina. Pa zinthu zina monga kuwerenga, njira ziwirizi sizinasiyane kwenikweni. Ndiye kungotsekulira ana chitseko kuti kaseweretu, aphunzitsi n'kukhala pa foni, si zimene kafukufuku akunena.

NamwinoWaAna
Kwa ofuna umboni wa nthawi yaitali komanso wochokera kwa anthu osauka, werengani za ku Jamaica. Sally Grantham-McGregor ndi anzake mu 1986 ndi 1987 anatenga ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24 mumzinda wa Kingston. Ena ankalandira mkaka woonjezera, ena ankayenderedwa ndi alangizi a zaumoyo kamodzi pa sabata kwa zaka 2, ena zonse ziwiri, ena ayi. Mlangizi ankakhala ola limodzi akuonetsa mayi mmene angasewerere ndi kucheza ndi mwana wake, ndi zoseweretsa zopanga okha pakhomo. Patapita zaka 20 anawafufuza anawo ali akuluakulu. Lipoti la mu 2014 linasonyeza kuti amene ankaseweretsedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo amene sanaseweretsedwe. Mkaka pawokha phindu lake silinaoneke pa nthawi yaitali chonchi.

Chimene ndimachikonda pamenepa n'chakuti alangizi sankaphunzitsa mwana mwachindunji kwenikweni, ankalimbikitsa mayi. Munthu amene mwana amamudalira kale ndi amene ankasewera naye masiku ena onse a sabata.

Wokayika_J
Uyu ndiye kafukufuku wolimba, chifukwa magulu anasankhidwa mwamaere. Pamenepa sinditsutsa.

Kachipapa
Ine wanga wa zaka 2 amaphunzira yekha pa YouTube. Amaimba zilembo zonse ndiponso amawerenga mpaka 10 m'Chingerezi. Zoseweretsa zonsezi n'zachiyani, foni ikukwana.

MphunzitsiWaTiana
Muikireni timiyala titatu mumufunse kuti ndi tingati, mudzatiuze.

Kachipapa
Aphunzitsi musanyoze mwana wanga.

MphunzitsiWaTiana
Sindikunyoza bambo, pepani ngati zamveka choncho. Mwana wa zaka 2 woimba mpaka 10 ali ndi khutu labwino. Ndikungoti kuimba manambala ndi kudziwa kuti "zitatu" ndi zinthu zingati ndi maluso awiri osiyana, ndipo lachiwirilo limabwera pogwira zinthu pamodzi ndi munthu.

Kadzidzi_Wausiku
A Kachipapa, pali kafukufuku wa Patricia Kuhl ku Seattle, ku America, wa mu 2003. Makanda a miyezi 9 a m'mabanja olankhula Chingerezi anawatengera kokacheza ndi anthu olankhula Chimandarini cha ku China maulendo 12, ulendo uliwonse mphindi 25, akusewera ndi kuonera mabuku. Pambuyo pake makandawo ankatha kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a Chimandarini amene m'Chingerezi mulibe. Makanda ena anaonera anthu omwewo pa vidiyo, ena anangomvera mawu, ndipo sanatolepo kanthu. Anafanana ndi amene sanamvepo chinenerocho. Ana okulirapo amatolako zina pa vidiyo, makamaka wamkulu akakhala pambali n'kumacheza nawo za zimene akuonazo, koma khanda limafuna munthu wamoyo woliyang'ana m'maso.

NamwinoWaAna
Malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa foni kapena TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepera apo n'kwabwinonso.

Kachipapa
Ola limodzi? Inu muli ndi ana koma? Munthu uphike, uchape, mwana ali pamwendo?

NamwinoWaAna
Ndili nawo bambo, ndipo ndikudziwa kuti n'zovuta. Sindikuweruzani. Pochapapo mupatseni kabeseni kake ndi kansalu, mudzaona nthawi imene atherepo.

BamboWaMapasa
Zimenezo zimagwiradi. Komanso ine ndinaona kuti ndikawathirira zoseweretsa zonse pansi amangodumphadumpha, koma zikakhala zochepa amakhazikika.

Wowerenga
Zimenezo anaziyesapo ku yunivesite ya Toledo ku America mu 2018, ndi ana 36 a miyezi 18 mpaka 30. Atapatsidwa zoseweretsa 4 ankakhalitsa pa chimodzi n'kuchiseweretsa m'njira zambiri kusiyana ndi pamene anapatsidwa 16. Ana ndi ochepa, a Wokayika asanandikumbutse, koma zikugwirizana ndi zimene mwaonazo.

Nyenyezi_ya_Mmawa
Tabwererani ku nkhani ya kukhulupirira ija, foni ili ndi tsiku lake. Ine mawu oti mwana aziphunzira podalira anthu amandiopsa. Dziko laipa, anthu ochitira ana nkhanza ndi ambiri. Wanga ndimamuuza kuti asakhulupirire munthu aliyense.

Kadzidzi_Wausiku
Achemwali, mantha anuwo ndi omveka. Koma ofufuzawa sakunena kuti mwana azikhulupirira aliyense. Akutionetsa mmene amasankhira, ndipo poyamba amasankha kudzera mwa inu. James Sorce ndi anzake mu 1985 anaika makanda a miyezi 12 pa tebulo lagalasi lopangidwa moti pakati pamaoneka ngati pali phompho laling'ono. Tsidya linalo kunali mayi ndi choseweretsa. Khanda likafika m'mphepete linkaima n'kuyang'ana nkhope ya mayi ake. Mayi akamwetulira, makanda 14 pa 19 anawoloka. Mayi akaonetsa mantha, pa makanda 17 palibe ngakhale limodzi limene linawoloka. Mayi sanalankhule liwu lililonse.

Ndiye mwana amene amakhulupirira kholo lake ali ndi pofunsira akakumana ndi chokayikitsa. Amene wauzidwa kuti asakhulupirire aliyense, tsiku limene wina wamuchita choipa akauza ndani? Komanso anthu ambiri ozunza ana si achilendo, ndi odziwika kwa mwanayo. Chomuteteza kwambiri n'kudziwa kuti pali munthu amene angamuuze chilichonse, ndipo amumvera osamukalipira.

Nyenyezi_ya_Mmawa
Ndamva. Koma sindisiya kumuchenjeza.

Kadzidzi_Wausiku
Musasiye. Muzimuuza zenizeni: asapite ndi munthu inu musanavomere, ziwalo zake zobisika palibe wozigwira, ndipo wamkulu womuuza kuti "usakauze amayi" ndi woyenera kunenedwa tsiku lomwelo.

GogoWaAsanu
Izi ndiye ndagwirizana nazo zonse. Koma inu ophunzira mwaiwala chimodzi. Mwana amaphunzira poona. Simufunika kumuuza zambiri, amangokutsanzirani.

Wowerenga
Sitinaiwale agogo, ndipo apa ofufuza ali nanu. Victoria Horner ndi Andrew Whiten mu 2005 anaonetsa ana a zaka 3 ndi 4 komanso achimpanzi a pa chilumba cha Ngamba ku Uganda mmene angatulutsire mphoto m'bokosi. Woonetsayo ankayamba walowetsa kamtengo pa bowo lapamwamba, chinthu chosathandiza kalikonse, kenako n'kutsekula kachitseko kenikeni. Bokosi likakhala loonekera mkati, achimpanzi ankasiya zosafunikazo n'kulunjika pa kachitseko. Ana a anthu ankatsanzira zonse, ndi zopanda ntchito zomwe. Mark Nielsen ndi Keyan Tomaselli mu 2010 anapeza zofanana kwa ana a ku Brisbane ku Australia ndi ana a mtundu wa San ku Kalahari. Mwana amaganiza kuti wamkulu akachita chinthu mwadala, chifukwa chake chilipo ngakhale iye sakuchiona.

Komabe samatsanzira mwachimbulimbuli. György Gergely ndi anzake mu 2002 anaonetsa makanda a miyezi 14 mayi akuyatsa nyale ndi chipumi. Manja ake akakhala poyera pa tebulo, 69 pa 100 alionse anayatsanso ndi mutu. Akakhala kuti wadzifunditsa bulangeti, manja atagwira bulangetilo, 21 pa 100 okha ndi amene anagwiritsa ntchito mutu, enawo anangodina ndi dzanja. Khanda la chaka chimodzi ndi miyezi iwiri likutha kuona kuti mayiyu wachita ndi mutu chifukwa manja anali otanganidwa.

MayiWaAwiri
Zikomo nonse, ndawerenga zonse. Tsopano ndingadziwe bwanji ngati sukulu yake ili ndi masewera otsogoleredwa aja kapena amangowasiya?

MphunzitsiWaTiana
Pemphani kuti mukakhale m'kalasi m'mawa umodzi. Sukulu yabwino siikana. Mukakhala, maso anu akhale pa aphunzitsi osati pa mwana wanu. Kodi ali pansi pamodzi ndi ana kapena ali pampando patali? Nyumba ya timatabwa ikagwa, akumumangira kapena akumufunsa kuti yagwa chifukwa chiyani, tiyese bwanji? Mvetserani ngati akumabweretsa mawu atsopano m'kati mwa masewera, monga chachitali, cholemera, theka, pansi pake. Muonenso ngati amawerengera ana nthano, kuimba nawo, ndi kuseweretsa kamvekedwe ka mawu, chifukwa kuwerenga kumayambira m'khutu pensulo isanafike. Ndipo mwana akafunsa chimene aphunzitsi sakuchidziwa, amati "sindikudziwa, tiyeni tifufuze," kapena amapeka yankho? Mukapeza kuti ana angotayidwa pabwalo tsiku lonse, pamenepo ine ndemwe ndikuuzani kuti a Tsinde77 ananena zoona.

Tsinde77
Ine ndikadali pomwepo. Masukulu ena apulaimale amayesa mwana kulemba dzina asanamulandire. Tsiku limenelo mabotolo a madzi sakamulembera.

MphunzitsiWaTiana
Dzina timaphunzitsa bambo, ndipo ana amalikonda chifukwa ndi lawo. Amayamba kulilemba pamchenga ndi chala, kuliumba ndi dongo, kenako papepala. Chimene ndimakana ndi masamba asanu a chilembo chimodzi kwa mwana amene zala zake sizinalimbe.

BamboWaMapasa
Funso lina kwa a Kadzidzi. Mapasa anga amamverana okhaokha kuposa mmene amandimverera ine. Wina akati ichi chimatsekulidwa chonchi, mnzake amatsatira ngakhale ine nditanena zina. Zimenezi zinafufuzidwapo?

Kadzidzi_Wausiku
Za ana kukhulupirira ana anzawo zilipo. Jaswal yemwe uja ndi Leslie Neely mu 2006 anaonetsa ana a zaka 3 ndi 4 munthu wamkulu ndi mwana akutchula mayina a zinthu. Onse akamanena zoona, ana ankakonda kutenga mawu a wamkulu. Koma wamkulu akamalakwitsa, mwana mnzawo n'kumalondola, ankasiya wamkuluyo n'kutsatira mwanayo. Kafukufuku wina wa mu 2009 anapeza kuti pa mafunso okhudza zoseweretsa ana amakonda kufunsa mwana mnzawo, pamene pa za chakudya chopatsa thanzi amafunsa wamkulu.

GogoWaAsanu
Mwana kusiya mawu a wamkulu n'kutsatira a mwana mnzake, zimenezo kwa ine si zosangalatsa ayi.

Kadzidzi_Wausiku
Anasiya wamkulu amene ankatchula zinthu molakwika, agogo. Wamkulu wonena zoona sanamusiye.

BamboWaMapasa
Kwathu pa nkhani ya zoseweretsa amalondola ndi iwowo, chifukwa amakhala nazo tsiku lonse. Pamenepo ndiziwasiya aziphunzitsana.